Wapampando Amene Ankakhala Panja

Ndiyambe ndi kupepesa. Sukulu yanga inathera Fomu 2, pasukulu yoyendera ya kwathu, ndipo Chichewa ndinachiphunzira m'kalasi ndi pawailesi, osati pamsana pa amama. Alipo akuluakulu pampingo pathu amene akanalemba nkhaniyi bwino kuposa ine, ndipo ndinawadikira kuti alembe, koma sanalembe. Pamene chinenero chandipulumuka mundikhululukire. Koma zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha, ndipo pa zimenezo sindikukayika.

Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe, si parishi. Parishi ili kumsewu wa tala, ife tili mkati, pakati pa Mlare ndi Uraha m'boma la Karonga, kumene kuli minda ya chinangwa ndi mpunga. Bambo mfumu amabwera apo ndi apo pa njinga yamoto, ndipo m'dzinja mtsinje ukadzaza sabwera n'komwe. Masabata ena onse mapemphero amatsogolera ndi akatekisiti. Akatekisitiwo ndi bambo anga ondibala, amene pano ndiziwatchula kuti adada monga timachitira kunyumba, kuti tisawasokoneze ndi Bambo mfumu.

Nthambi yathu inayamba ndi agogo anga aamuna, abambo awo a adada. Anali Ankhonde amene anatsika kuchokera kumpoto kwa boma kufuna malo odyetsera ng'ombe, ndipo anayamba kusonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango. Kenaka anamanga katchalitchi kadothi kofolera udzu, kokhala ndi khomo limodzi ndi zenera limodzi lalifupi. Agogowo ndiwo ankaphunzitsa ofuna ubatizo. Amama anali m'modzi mwa ophunzirawo, atangokwatiwa kumene, ndipo mpaka lero akamapemphera amafuula ngati akuitana munthu wa kutsidya. Tikawaseka amati, "Amene anandiphunzitsa ankafuula choncho. Ndimayesa ndi mmene pemphero limayendera." Tchalitchi cha njerwa chimene chilipo panochi anachimanga adada ndi anzawo, m'zaka zimene azungu ofukula mafupa akale ankabwerabwera ku Uraha. Adada amawerengera zaka choncho: izi zinachitika amafupa asanabwere, izi atapita.

Kayendetsedwe kake n'kotere. Akhristu agawidwa m'miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana timene timapemphera m'makomo mkati mwa sabata. Pamwamba pa miphakati pali komiti ya nthambi: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, oimira amayi, abambo, kwaya ndi achinyamata. Akatekisiti amakhala m'komitimo chifukwa cha udindo wawo, sachita kusankhidwa. Wapampando ndiye amapita ku khonsolo ya parishi kukatiyankhulira. Komiti imakumana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, mosungira zovala za Misa. Muli tebulo, benchi imodzi, mipando iwiri, ndi zenera lopanda galasi loyang'ana ku mtengo wa mango uja. Mukakhalamo nonse maondo amagundana.

Chaka chatha, mpunga utakololedwa, inakwana nthawi ya zisankho. Adada kunalibe, anali ku parishi ku maphunziro a akatekisiti. Anabwera akuluakulu awiri a khonsolo kudzayendetsa. Kwathu timasankha poima pamzere: opikisana amaima moyang'ana khoma la tchalitchi, anthu n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna. Achinyamata anandisankha ine kuti ndiwaimire, mwina chifukwa sindikana ntchito. Pa mpando waukulu anatchulidwa wapampando wakale, mlimi wa mpunga wokonda nthabwala, amene anali atakhalapo nthawi yaitali. Kenaka anaimirira madamu ophunzitsa Sitandade 6 pasukulu ya pulaimale, ochokera ku Dedza, n'kutchula alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu.

Alamu anga anaseka, kuyesa nthabwala. Amayi anawakankhira kukhoma. Alamuwo ndi amene anasonkhanitsa amayi kulima munda wa chinangwa wa mpingo, ndipo denga litasasuka ndi mphepo, iwo ndi amene anakakamira mpaka linakhomedwa mvula isanagwe. Atauzidwa kuti atembenuke, anapeza mzere wawo wakhota kuzungulira mtengo wa mango. Amayi analuluta. Wapampando wakale anakhala wachiwiri, ndipo anawagwira chanza akumwetulira.

Palibe amene anaganizira za adada pa nthawiyo. Ndinawakumbukira ndili pakati pa njira yobwerera kunyumba, ndipo nditayang'ana alamu ndinaona kuti nawonso awakumbukira.

Ife ana tinakula ndi Chitumbuka, koma miyambo ya pakhomo pathu ndi ya Chinkhonde, ndipo waukulu mwa iyo ndi uwu: mkazi wa mwana wako, amene timati mkamwana, sayang'anana nawe nkhope, satchula dzina lako, ndipo sakhala nawe m'nyumba imodzi. Alamu akakumana ndi adada panjira amapatukira patchire n'kutembenuka mpaka adutse. Akaphika ndiwo zabwino amapatsira ine kuti ndikapereke. Adada akafuna kuthokoza amauza amama, amama n'kuuza alamu. Si udani. Adada akadwala, woyamba kufika ndi phala pakhomo lakuseri ndi alamu. M'tchalitchi Lamulungu zimatheka, chifukwa n'chachikulu: amayi amakhala mbali yawo, alamu amakhala kumbuyo kwenikweni, maso pansi. Koma kachipinda ka komiti si tchalitchi, ndipo wapampando sangayang'ane pansi. Ayenera kuloza munthu kuti ayankhule, ndi kumudula akatalikitsa.

Adada atabwerako n'kumva za zisankho anangoti, "Anthu asankha bwino." Kenaka anawonjezera kuti, "Koma asankha osaganiza."

Msonkhano woyamba unachitika mu Seputembala. Adada analowa n'kukhala pampando wawo wa masiku onse, pafupi ndi kabati. Alamu anafika pakhomo, anaona nsapato za adada, n'kubwerera. Anazungulira kuseri, anayala chitenje pansi pa zenera, n'kukhala chotsamira khoma.

"Mlamu," anandiitana chapansipansi, "ima pazenerapa. Uwauze kuti tiyambe ndi pemphero."

Ndinaima pazenera, phewa limodzi mkati lina kunja, ndipo ndinakhala pakamwa pa wapampando. Alamu akanena, ine n'kubwereza m'kati. A m'kati akayankha, ine n'kuweramira kunja. Madamu aja anali atasankhidwa kukhala msungichuma, choncho tinkayankhula Chichewa kuti amve, koma mkangano ukatentha anthu ankagwera m'Chitumbuka, ine n'kumamasuliranso. Nkhani inali ya chimbudzi cha tchalitchi chimene chinali chitagwa, ndi mphakati umene udzaphikire Bambo mfumu akadzabwera. Nkhani ziwiri zokhazo zinatitengera mpaka dzuwa kupendeka. Popeza wapampando sankaona amene wakweza mkono, aliyense ankangoyankhula. Adada, amene akayamba kufotokoza chinthu amayambira pa mtengo wa mango, anafotokoza mbiri ya zimbudzi zonse zimene zinakumbidwapo pamalopo, ndipo panalibe wowadula.

Potuluka, wachiwiri kwa wapampando anasuzumira kuseri. "Apampando, kodi kunjaku nkhuku zagwirizana nazo zimene takambirana?"

"Zagwirizana nazo," alamu anayankha akukutumula chitenje. "Zati zinatopa ndi kudikira chimbudzi chimene munalonjeza inu muli pampando."

Bamboyo anaseka mpaka kugwira khoma. Sanali munthu woipa. Koma tsiku lomwelo anauza anthu kumsika wa Mlare kuti nthambi yathu ikuyendetsedwa ndi zenera.

Madamu anabwera kunyumba kwa alamu Loweruka lotsatira, ine ndilipo, tikusenda chinangwa choviika. Anali okhumudwa, chifukwa dzina la alamu analitchula ndi iwo.

"Amayi, ine sindinkadziwa kuti kuno n'zolimba chonchi. Kwathu nakonso apongozi timawathawa, koma pakapita nthawi mumapatsana kamphatso, manyazi n'kutha. Kodi kuno sizingatheke?"

"Kuno amatha ndi maliro, madamu."

"Nanga titapachika nsalu pakati pa chipindacho? Inu uku, iwo uko."

"Nsalu si khoma. Ndizimva akupuma."

"Ndiye akatekisitiwo tiwapemphe azijomba."

Alamu anaika mpeni pansi. "Tchalitchi chimenecho njerwa zake anaumba ndi manja awo. Ng'ombe zimene zinapita kwathu pondikwatira zinatuluka m'khola lawo. Ine ndiwauze kuti akhale kunyumba? Madamu, mundichitire chifundo."

Madamu anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe, mwana wa akatekisiti, ulibe mawu?"

Ndinangopitiriza kusenda.

Achimwene, amene amagwira ntchito ku Joni, anaimba foni atamva. Anati akazi awo asiye mpandowo, asawachititse manyazi pamaso pa adada. Alamu anawafunsa ngati ku Joniko kuli mphakati umene ukusowa wapampando, kuti akaimeko okha. Foni inaduka pamenepo, kaya ndi netiweki.

Msonkhano wachiwiri unali mu Okutobala. Amene anakhalako ku Karonga mwezi umenewo akudziwa dzuwa lake. Masana mthunzi wa mango sufika pakhoma, ndipo njerwa zimatentha ngati chiwaya. Alamu anakhala pomwe paja, atafunda chitenje kumutu, thukuta likutsika m'khosi. Tsikulo kunabwera m'modzi wa akuluakulu a khonsolo kudzaona mmene komiti yatsopano ikuyendera. Anamvetsera, anandiyang'ana ndikuweramira uku ndi uku. Patapita masiku Bambo mfumu anatumiza mawu kuti wapampando, akatekisiti ndi wachiwiri apite ku parishi. Adada anapita m'mawa, alamu masana, ndipo ine ndinaperekeza alamu.

Bambo mfumu anatilandira pakhonde, anatipatsa madzi ozizira. Anayankhula mofatsa.

"Mayi, ine sindikulamulani kuphwanya mwambo wa pakhomo panu, ndipo akatekisiti sindingawachotse m'komiti. Koma wapampando ayenera kukhala pamodzi ndi komiti yake, aziona anthu, anthu azimuona. Ndibwera kwanu tsiku lodalitsa manda. Tikachoka kumanda ndidzakhala nawo pamsonkhano wanu, ndipo ndidzadalitsa komiti. Mukadzakhala muli panja, ndidzadalitsa wachiwiri wanu ngati wapampando. Mwandimva bwino?"

"Ndamva, Bambo."

"Mukuufuna mpandowu?"

Alamu anayang'ana kapu imene inali m'manja mwawo. "Poyamba sindinkaufuna. Pano ndikuufuna. Ndaona zimene ndingachite nawo."

Pobwerera tinatsika minibasi pa Mlare n'kuyenda wapansi. Tinawoloka mtsinje, umene nthawiyo unali mchenga wokhawokha. Kenaka alamu anati, "Mlamu, tsiku limenelo udzaime pazenera komaliza. Udzawauze kuti ndathokoza, mpando ndabweza."

Sindinagwirizane nazo, koma kwa alamu ndinangoti chabwino. Kwa adada sindikanayamba n'komwe. Pakhomo pathu mwana wamkazi sauza abambo ake chochita, ndipo ine ngakhale kupempha sopo ndimadutsira kwa amama.

Kutatsala tsiku limodzi, miphakati yonse inapita kukalambula kumanda, monga timachitira chaka chilichonse. Banja lililonse limasamala manda a abale ake. Abambo amabwera m'mawa ndi makasu ndi zikwanje, amayi amabwera pambuyo ndi matsache. Ine ndinapita ndi adada m'mawa kuwanyamulira madzi, chifukwa anyamata a pakhomo pathu onse ali kutali. Tinapalira manda a agogo, ndipo adada anayamba nkhani yawo ija ya katchalitchi kadothi: mmene ankapondera dothi, mmene mbuzi zinkadyera udzu wa denga, mmene zenera linalili lalifupi moti mwana ankatha kusuzumira. Nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri. Koma tsikulo, mwina chifukwa ndinali nditaima pazenera miyezi iwiri, chinthu china chinandivuta, ndipo ndinafunsa ndisanaganize.

"Adada, amama amati anaphunzira katekisimu m'katchalitchi kameneko."

"Eya."

"Ndipo wophunzitsa anali agogo."

"Panalibenso wina."

"Nanga zinkatheka bwanji? Amama anali mkamwana wawo. M'katchalitchi kakang'ono choncho?"

Adada anasiya kupalira. Anatsamira khasu, n'kuyang'ana mtanda wa pamandapo nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayamba kuopa kuti ndalakwitsa.

"Agogo ako ankaima panja," anatero. "Pazenera paja. Ophunzira m'kati, iwo kunja, atatembenukira kumunda. N'chifukwa chake ankafuula."

"Padzuwa?"

"Padzuwa, pamvula. Ankati wophunzira ndiye ayenera kukhala pansi." Anatola khasu. "Bweretsa madziwo."

Madzulo ndinawaona akukhoma mwendo wa kampando kawo kathabwa kamene amakhalira pakhonde, kamene kanali katagwedera kuyambira kale.

M'mawa mwake Bambo mfumu anafika fumbi lili thupi lonse. Tinachita Misa, kenaka tinayenda pamzere kupita kumanda tikuimba, ndipo anawaza madzi odalitsa manda ndi manda. Titabwerako anthu sanabalalike monga amachitira. Anakhala m'mithunzi mozungulira tchalitchi, ngati akudikira mpira. Aliyense ankadziwa chimene chatsala.

A komiti analowa m'kachipinda. Bambo mfumu anapatsidwa mpando umodzi. Wachiwiri kwa wapampando anali atavala jekete, kutentha konseko. Alamu anazungulira kuseri ndi chitenje chawo, ine ndikuwatsatira, ndikubwereza mumtima mawu amene ndimayenera kunena.

Tinapeza pansi pa zenera pali munthu kale. Adada anali atakhala pa kampando kawo kathabwa, msana kukhoma, chipewa kumutu, maso ku mtengo wa mango. Alamu anabwerera m'mbuyo msangamsanga n'kubisala pangodya.

Adada anandiitana osatembenuka. "Iwe, kauze apampando kuti malo ano ndatenga ine. Awo ali m'kati."

Ndinapita pangodya n'kubwereza, ngakhale alamu anali atamva okha.

"Kawauze kuti sizingatheke," ananong'ona. "Munthu wamkulu padzuwa, ine pamthunzi? Anthu adzati chiyani?"

Ndinakanena. Adada anati, "Kawauze kuti mwambo umati tisakhale m'nyumba imodzi. Sunanene kuti wotuluka ndi ndani. Adada anga anaima panja chifukwa cha amama ako, ndipo palibe amene anawaseka kawiri. Auze afulumire, Bambo mfumu ali ndi ulendo."

Alamu anaima pangodyapo kanthawi. Kenaka anagwada pansi, kuyang'ana kumbali monga mwa mwambo, n'kuomba m'manja mofatsa. Adada anayankha ndi kugwedeza chipewa. Alamu anadzuka, anamanga chitenje bwino m'chiuno, n'kuzungulira kukhomo. Amayi amene anali pansi pa mitengo anayamba kululuta, koma amama anawaletsa ndi dzanja, kuti msonkhano usasokonezeke.

Ine ndinabwerera pamalo panga pazenera, koma tsopano kunja kunali adada. M'kati alamu anakhala pampando wa pafupi ndi kabati. Wachiwiri wawo anawasunthira tebulo, n'kuvula jekete.

"Ndinavalira dalitso," anatero, "koma laphonya."

"Musadandaule, likugwerani la wachiwiri," anatero madamu. "Nalonso ndi dalitso."

Bambo mfumu anafunsa ngati akatekisiti akumva bwino kunjako. Adada anayankha okha, mofuula, kuti akumva zonse, ndipo mawu awo anamveka ndendende ngati a amama akamapemphera. Bambo mfumu anaimiritsa komiti, anatambasula manja, dzanja limodzi analozetsa kuzenera, n'kutidalitsa tonse.

Kenaka alamu anatsegula msonkhano. Anayang'ana aliyense kumaso, mmodzimmodzi, ndipo ndinaona anthu akukhala bwino pabenchi. Nkhani yoyamba inali chimbudzi chija. Woimira abambo anati njerwa zilipo. Woimira kwaya anati anyamata akumba. Adada anakweza mkono kunjako, ine n'kunena kuti akatekisiti akupempha mawu, ndipo alamu anavomera. Adada anayamba bwino, za malo oyenera kukumba, koma posakhalitsa anali atafika kwa amafupa a ku Uraha, ndipo ndinadziwa kuti akulowera ku mtengo wa mango.

Alamu anagogoda tebulo ndi chala. "Mlamu, uwathokoze akatekisiti. Uwauze kuti mbiriyo tidzaimva tsiku lina, lero tikufuna malo okha."

Ndinaweramira kunja, ndipo ndinanena mawuwo monga analili, osachotsapo kapena kuwonjezera.

Adada anandiyang'ana, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka. "Auze apampando kuti kuseri kwa mtengo wa bwemba, kumunsi kwa mphepo."

Tinamaliza msonkhanowo Bambo mfumu asanamalize botolo lawo la madzi. Chimbudzi chinamangidwa mvula isanayambe. Anyamata a kwaya anaika kadenga ka udzu pamwamba pa zenera lija, ndipo adada amakhala pamenepo msonkhano uliwonse. Ine ndimaimabe pakati, ngakhale masiku ano ntchito yanga yachepa, chifukwa onse awiri amamvana bwinobwino, ndipo amangonamizira kuti akudikira ine. Alamu amapita ku khonsolo ya parishi, ndipo ndamva kuti kumenekonso amadula anthu. Panjira akakumana ndi adada amapatukirabe patchire.

Nkhani ya mpando wa alamu anga inatha tsiku limenelo lodalitsa manda, pa 2 Novembala, chaka chatha.